Kodi chimatikoka n'chiyani kuti tizigula zakudya za m'mapaketi?

Mayi wa ana atatu, Area 25

Amayi anzanga ndi abambo amene muli muno, pali nkhani yomwe yandiimitsa mutu kuyambira Lamulungu, ndipo ndati ndiitule pano poti mutu umodzi susenza denga.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina mu Lilongwe muno, bambo a kunyumba ndi makaniko. Ana tili nawo atatu: wachisamba ali sitandade 7, wachiwiri sitandade 3, chitsirizira wangoyamba kumene nazale. Mwezi wa Ogasiti ndalama ya chakudya inatithera pa 19, ndipo tinasemphana mawu ndi bambo, iwo akuti ndikuwononga, ine ndikuti ndalamayo ndi yochepa. Pofuna kuti mkangano uthe ndinagula kope, n'kuyamba kulemba chilichonse cholowa m'kamwa chimene chagulidwa pakhomo pano, ngakhale switi ya mwana. Ndinalemba Seputembala yense osadumpha tsiku.

Lamulungu madzulo ndinayala mkeka pakhonde n'kuyamba kuwonkhetsa. Ufa, makala, mafuta ophikira, mchere, tomato ndi anyezi, izi sizinandidabwitse. Chinandikhalitsa chete ndi mndandanda wina womwe ndinaulemba pa tsamba lakelake: majigisi, Kamba, mabisiketi, Sobo, zakumwa za m'mabotolo, ma noodles, soseji, poloni, majarini, buledi, yogati wotsekemera uja, ufa woyeretsera tiyi, timakyubu tokometsera ndiwo. Nditaphatikiza zonsezi, ndalama yake inaposa yomwe tinagulira nsomba, nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba zonse pamodzi. Ndinabwereza katatu poganiza kuti ndasokoneza manambala. Ndinali ndisanasokoneze.

Chikundipweteka n'chakuti ine sindine munthu wosadziwa chakudya. Ndinakulira ku Dedza, cha ku Linthipe. M'mawa amayi ankatipatsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthawi ya mbatata kunkakhala futali, popita kusukulu chimanga chokazinga m'thumba la yunifolomu. Fanta tinkamuona pa Khirisimasi, pamodzi ndi mpunga wa nkhuku. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndimawadziwa pamtima, kusikelo anatiimbitsa nyimbo zake ndi ana onse atatu. Ndiye zatheka bwanji kuti m'kabati mwanga mudzaze mapaketi?

Ndikuuzeni m'mene m'mawa wanga umayendera. Ndimadzuka hafu pasiti 4. Magetsi akakhala kuti azima ndimayatsa mbaula, n'kuteleka madzi osamba a anthu asanu. Hafu pasiti 6 isanakwane ndiyenera kukhala nditaima pa siteji pa Nsungwi, ndikachedwa pang'ono basi minibasi imakaima pa mdipiti wa magalimoto, kuntchito n'kukafika mochititsa manyazi. Mbatata kuti ndiitsuke, ndiiteleke, ipse, pafunika mphindi zoposa 30 ndi mbaula yachiwiri. Buledi wopaka majarini ndi mphindi ziwiri, ndipo wamkuluyo amapakira azing'ono ake ine ndikusita. Kale ndinkaphika nyemba zambiri Loweruka n'kusunga m'firiji, koma kuchokera pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022 magetsi n'kumazima tsiku lonse, ndinataya ndiwo zosasa kangapo mpaka ndinangosiya. Magetsi anadzabwererako, koma chizolowezi chija sichinabwerere.

Ndiye pali nkhani ya kusukulu. Teremu yathayi ndinayesa kusintha. Wachiwiriyo ndinamuikira mbatata yophika ndi mtedza wokazinga m'kontena. Madzulo ndikutsegula chikwama chake ndinapeza kontena ili momwe ndinaitsekera, mbatata itachita thukuta. Nditamufunsa anayamba wakhala chete, kenako misozi. Akuti atangotsegula, mnzake wina anakuwa kuti taonani wa kumudzi, kalasi yonse n'kuseka. Mwana anakhala ndi njala kuyambira 7 koloko mpaka 2 koloko masana, chakudya chili m'chikwama. M'mawa mwake ndinamupatsa K500 kuti akagule majigisi ndi fizesi ngati anzake.

Apongozi anga akuti vuto ndi ulesi wa akazi a m'tauni. Bambo akuti ndikulekerera ana. Ine sindikuvomereza, komanso kope lija silikunama. Funso langa ndi ili: chimatikoka n'chiyani kwenikweni kuti tizigula zinthuzi? Ndi umphawi? Nanga bwanji olemera ndi amene amadzaza nazo matrole m'masitolo akuluakulu? Ndi nthawi? Ndi ana? Amene munakwanitsa kuchepetsako, munayambira pati?

Wa pa okala, Ndirande

Mayi, ine ndine mmodzi mwa amene timakugulitsani zinthuzo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni m'mene zimaonekera kuseri kwa kauntala. Pa okala ndakhalapo zaka 11.

Choyamba mudziwe kuti ife timaopa katundu woola. Ndinayesapo kuika nthochi ndi mapeyala. Pakangopita masiku atatu nthochi zada, ntchentche zadzaza pawindo, mpamba walowa m'dzala. Belo la majigisi ndikalipachika pa msomali likhoza kukhala miyezi osasintha, ngakhale silikhalitsa poti limatha sabata isanathe. Mabisiketi, ma noodles, soya pieces, zonsezi sizifuna firiji, siziopa dzuwa. Ndipo sindizitsata kutali. Tomato afuna ndilawirire kumsika m'bandakucha, pomwe zamapaketi zambiri ndimaoda ku Limbe kamodzi pa sabata, zina galimoto imandipeza pompano. Ngakhale firiji ya zakumwa yomwe ili muno si yanga, ndi ya kampani, ndipo pangano lake ndi lakuti muzikhala zakumwa zawo zokha. Ndiye munthu akabwera ndi ludzu mwezi wa Okutobala, chozizira chomwe achipeze n'chomwecho. Thobwa wa mayi wa pafupi apa amakhala m'ndowa padzuwa.

Chachiwiri, anthu a kuno sagula ndi malipiro a pamwezi. Amagula ndi ndalama ya lero. Wa kabaza, wa ganyu, wochapa zovala m'mayadi, akapeza kangachepe madzulo amabwera: ufa wa walkman, mafuta a m'kachubu, shuga woyeza, kapaketi ka soya. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amakampani anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake chilichonse anachidula m'timapaketi ting'onoting'ono tokwanira ndalama yomwe ili m'manja. Mukawerengetsa pa kilo tinthu timeneti ndi todula kwambiri, koma munthu wa ndalama ya lero sawerengetsa pa kilo.

Za soya pieces ndinene mwapadera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyama inathawa pa mbale za anthu ambiri, usipa nawo mulu wake unayamba kuchepa ndalama ikukwera. Kuyambira pamenepo soya ndiye ndiwo ya Ndirande. Ndipo si mtengo wa paketi wokha ayi, ndi makala. Nyemba zimadya makala maola awiri kapena atatu. Soya mphindi 10 wapsa, ma noodles ndiye madzi otentha basi. Mayi amene wagula kajumbo kamodzi ka makala amadziwa kuti kayenera kuphika nsima, ndiwo ndi kufunditsa madzi, ndiye nyemba aziyamba bwanji?

Za ana musadzione ngati muli nokha. Majigisi sitiwapachika pawindo mwangozi, timawaika pomwe maso a mwana amafika. Mayi amabwera kudzagula mchere, mwana ali pambali wagwira chitenje, wayamba kuloza. Pa anthu, mayi safuna mwana agubuduke pansi, amangoti mupatseni kamodzi. Ndikasowa chenji ndimapereka maswiti, ndipo palibe amakana. Ana anga omwe amadya zomwezi akabwera kudzandithandiza Loweruka, ndipo sindikondwa nazo. Koma ndikasiya kugulitsa, okala yotsatira ili mayadi 20 kuchokera pano.

Namwino wopuma, Zomba

Mwana wanga, poyamba ndikuyamikire chifukwa cha kope lija. Ambiri timangodandaula osalemba.

Ndagwira ntchito m'zipatala zaka zoposa 30, zomalizira ndinali ku kiliniki ya BP ndi shuga. Pomwe ndinkayamba ntchito, matenda amenewa tinkati ndi a mabwana ndi azigogo. Pomwe ndinkapuma, pa benchi pankakhala amayi a geni, madalaivala, aphunzitsi a zaka za m'ma 40, ena atafa kale ziwalo mbali imodzi. Si chakudya chokha chimachititsa, koma chakudya chilipo pakati.

Tisiyanitse kaye zinthu, chifukwa ena akamva nkhaniyi amayamba kuopa chilichonse chodutsa pa makina. Ufa wa kuchigayo, usipa wowuma, mfutso, chiponde chosinja ndi mtedza wokhawokha, izi n'zokonzedwa koma zikadali chakudya chomwe tikuchidziwa. Gulu lomwe mukunenali ndi lina. Pulofesa Carlos Monteiro wa pa yunivesite ya São Paulo ku Brazil ndi anzake ndi amene anayambitsa, cha mu 2009, kagawidwe kotchedwa NOVA, komwe kamaika zakudya m'magulu anayi potengera m'mene zapangidwira. Gulu lachinayi ndi la zinthu zomwe fakitale yaphwanya chimanga, tirigu, soya kapena nzimbe n'kutengamo sitachi, mafuta ndi shuga, kenako n'kuziumbanso pothira utoto, fungo lopanga, zotsekemeretsa ndi mankhwala oti zisawonongeke. Njira yapafupi yozizindikirira ndi kutembenuza paketi n'kuwerenga zomwe zathiridwamo. Mukapeza mayina ambirimbiri a zinthu zomwe simungazipeze m'khitchini ya munthu aliyense, dziwani kuti ndi zimenezo.

Mwafunsa chomwe chimakukokani. China mwa icho chili m'chakudyamo. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake ku America anasunga anthu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya za m'fakitalezi, milungu iwiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo mbali zonse anayesetsa kuti shuga, mafuta ndi mchere zomwe zaikidwa patebulo zifanane. Aliyense ankadya m'mene wafunira. Pa milungu ya zam'fakitale anthu aja ankadya mofulumira, ankawonjezera makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 patsiku, ndipo ananenepa pafupifupi kilo imodzi. Pa milungu inayo anatsika ndi mlingo womwewo. Muganizire nokha: chinangwa chophika mumatafuna, chimakukhutitsani, mumasiya. Majigisi amasungunuka pa lilime, m'mimba simumva kanthu, dzanja labwerera kale m'paketi. Ndiye mwana akamalirira paketi yachiwiri si kupusa kwake.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi timasupuni ta tiyi 12, ndipo mchere usafike magalamu 5, kasupuni kamodzi. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi shuga wa magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse. Botolo limodzi la 500ml latha kale mlingo wa tsiku lonse wa munthu wamkulu, tiyi wa m'mawa tisanamuwerengere. Nanga kwa mwana wa sitandade 3?

Koma pali china chomwe a ku Brazil ndi ku America sangakuuzeni, chomwe ife tinachiona ndi maso. Kuno kunenepa ndi ulemu. Mkazi akanenepa timati akusamalidwa, mwamuna akatulutsa mimba timati zake zayera. Ndipo ife amene tinagwira ntchito m'mawodi zaka za m'ma 1990, ma ARV asanabwere, tikudziwa mantha omwe kuwonda kunadzetsa. Munthu akatsika thupi anthu ankayamba kunong'onezana. Mantha amenewo sanathe. Ndauzapo amayi ambiri kuti achepetse thupi, iwo n'kundiyankha kuti anthu aziti ndikudwala chiyani. Tsono chakudya chonenepetsa, chokhala m'paketi yowala, chooneka cha anthu otsogola, chinapeza khomo lotsegula kale. Pomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. M'nyumba imodzi mumapezeka mayi wa BP ndi mwana wosakula bwino, onse akudya mokhuta.

Za soya pieces, achimwene a ku Ndirande, ine sindingamuletse mayi wosauka. Inde ndi wa m'fakitale, koma muli zomanga thupi, ndipo kuli bwino mwana adyere soya kusiyana ndi kudyera mchere. Chomwe ndimawauza n'chakuti kapaketi ka zokometsera kaja athire theka, asawonjezerenso kyubu ndi mchere pamwamba, ndipo pambali pakhale nkhwani kapena bonongwe. Nkhondo yanga ili pa zakumwa za shuga, majigisi ndi soseji. Mukafuna poyambira, yambirani pa chakumwa.

Mayi wa ku Mtandire

Pepani, ine ndiyankhula mosabisa. Nkhani ngati izi ndimaziona ngati za anthu okhuta. Ine ndimachapa m'nyumba za anthu ku Area 47. Tsiku lomwe sindinapeze ganyu, mwana wanga amapita kusukulu atamwa madzi otentha othira shuga, ndipo ndikakhala ndi K200 ndimamugulira kapaketi ka majigisi kuti m'kamwa mukhale kanthu. Ndalama imeneyo siikwana kugula dzira limodzi. Nthochi nazo masiku ano mtengo wake mukuudziwa. Mbatata ya mulu ndi yotchipa, inde, koma mulu wake amafuna ndalama yonse pakamodzi, kuphatikiza makala. Sindikukana zomwe anena mayi namwino, n'zoona. Koma mukamatiphunzitsa muzitiuzanso chomwe munthu angagule ndi K200 pa geti ya sukulu choposa majigisi.

Mchimwene wa ku Joni

Achemwali, ine ndili ku Diepsloot chaka chachisanu ndi chitatu tsopano, kwathu ndi ku Ntcheu. Zomwe mukuziona zikuyamba kumeneko, kuno zinafika kale pachimake.

Ndimagwira ntchito ya m'dimba m'mayadi a anthu. Ndimanyamuka 5 koloko, kubwerera mdima utagwa, chipinda changa ndi chimodzi, chophikira ndi kasitovu ka mbale imodzi. Nkhomaliro ya ambiri a ife ndi kota: chigawo cha buledi chobowola pakati, n'kuthiramo tchipisi, poloni, soseji ndi atchar. Pambali botolo la malita awiri la chakumwa chotchipa, timagawana anthu atatu. Pa spaza iliyonse, yomwe ndi okala ya kuno, mupeza zimenezi, koma kuti mupeze mpiru kapena chisoso muyenera kudziwa mayi wa kwathu amene amagulitsa pakona inayake Loweruka. Ndinabwera kuno lamba ndikumanga pa bowo lomaliza, pano ndikumwa mapilitsi a BP.

Poloniyo mu 2017 ndi 2018 anapha anthu oposa 200 kuno ndi matenda a listeriosis, odwala anaposa 1,000, ndipo anapeza kuti gwero lake linali fakitale ina ku Polokwane. Tinasiya kwa miyezi ingapo, kenako tinabwerera, chifukwa palibe china chotchipa choika m'buledi. Boma la kuno linaikanso msonkho pa zakumwa za shuga kuyambira Epulo 2018. Makampani ena anachepetsadi shuga kuti azilipira wochepa, koma botolo pa nkhomaliro likadalipo.

Chomwe ndalembera makamaka ndi ichi. Ife a kunja kuno tili ndi mbali yathu pa zomwe zikuchitika kumudzi. Disembala aliyense ndimatumiza katundu pa basi yodzera ku Beitbridge ndi Tete. Mumakhala chiyani m'makatoni? Cornflakes, mayonizi, mabisiketi a m'zitini, juwisi wa ufa, Cremora, maswiti. Sindinatumizepo china chosiyana ndi izi, chifukwa ndimafuna kwathu aone kuti ndikugwira ntchito. Chaka chatha nditapita, mwana wa mlongo wanga anakana phala la mgaiwa pamaso panga, akuti akufuna zija amatumiza amalume. Amayi anga anangondiyang'ana osanena kanthu. Ku Ntcheu, komwe kachewere, kabichi ndi nyemba timagulitsa pamsewu pa Tsangano ndi pa Lizulu, mwana akuphunzira kuti chakudya chabwino chimachokera m'katoni. Amene anamuphunzitsa ndine.

Mphunzitsi wa pulayimale, Kasungu

Mayi, nkhani ya mbatata ija ndaiona kambirimbiri, ndipo kholo limodzi palokha silingaithetse. Mwana wa zaka 8 angalole njala kusiyana ndi kusekedwa. Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina yomwe ana ankalandira phala la Likuni kudzera ku Mary's Meals. Kumeneko aliyense ankabwera ndi kapu, mwana wa mwini golosale ndi mwana wamasiye pa mzere umodzi, ndipo panalibe woseka mnzake poti onse akudya chimodzi. Manyazi amabwera pomwe zakudya zasiyana.

Dziko la Chile mu 2016 linalamula kuti zakudya zochuluka shuga, mchere kapena mafuta ziziikidwa chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi, zisagulitsidwe m'sukulu, ndiponso zisamakope ana ndi tizithunzi ta makatuni. Ife lamulo lotero tilibe, koma komiti ya makolo ili ndi mphamvu pa geti ya sukulu yake. Pa sukulu yomwe ndili pano tinakhala pansi ndi amayi ogulitsa pa buleki. Sitinawathamangitse, nawonso akusaka ya sopo. Tinagwirizana kuti Lachiwiri ndi Lachinayi pazikhala chinangwa, mbatata, mtedza, chikondamoyo, zitumbuwa ndi zipatso za nyengo yake, zodulidwa tizidutswa tokwana ndalama ya mwana. Apa ndikuyankhanso mayi a ku Mtandire: mulu wa mbatata ndi wodula, koma chidutswa chimodzi chophikaphika chimakwana ndalama ya majigisi, bola pakhale wochigulitsa. Ifenso aphunzitsi tinayamba kudya zomwezo poyera. Ana akaona aphunzitsi awo akusenda mbatata pa buleki, mawu oti wa kumudzi amachepa mphamvu.

Mayi wa ana atatu, Area 25

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Mayi a ku Mtandire, mwandikumbutsa chinthu chofunika, ndipo sindinalembe kuti ndinyoze wina amene akuchita zomwe angathe ndi K200. Ine ndili ndi mwayi wosankha, n'chifukwa chake kope lija likundiimba mlandu.

Nditawerenga za makatoni a achimwene a ku Joni ndinabwereranso m'kope muja, ulendo uno ndikuyang'ana masiku ndi nthawi yomwe ndinagula chinthu chilichonse. Ndapeza chomwe sindinachione Lamulungu. Za m'mawa ndi za kusukulu zilipo ndithu, koma zambiri ndinagula ndekha madzulo, pa golosale ya pa siteji, ndipo masiku ake ndi omwe ndinaweruka mochedwa. Pa 9, pa 10, pa 16, sabata yonse yomaliza ya mwezi pomwe timatseka mabuku. Ndikatsika minibasi mdima utagwa, ndimadziwa kuti chitsirizira wakhala pa geti kuyambira 5 koloko, ndipo akangondiona athamanga akukuwa kuti amama mwanditengera chiyani. Tsiku lonse sanandione. Kulowa chimanjamanja kumandiwawa mumtima, ndiye ndimagula yogati, mabisiketi, kenakake konyezimira koti andilandire nako. Palibe mwana anandilirira pa golosale paja, ndimakhala ndili ndekha. Amayi anga nawo pochokera kumsika wa Lachiwiri sankalowa chimanjamanja, koma m'dengu mwawo munkatuluka nzimbe, masuku kapena magwafa.

Dzulo ndinaweruka mochedwanso. Ndinadutsa golosale ija n'kukaima pa mayi wina wogulitsa mango oyambirira pansi pa nyali ya pamsewu, ndinagula asanu. Chitsirizira anayang'ana m'jumbo, anafunsa za yogati, anakwinya nkhope pang'ono. Kenako mkulu wake anatenga mpeni n'kumudulira, ndipo anadya awiri, madzi akuyenderera mpaka m'zigongono. Lero sindikudziwa kuti andilandira bwanji.

Sobo ndatsatira malangizo a mayi namwino, botolo lomwe lilipoli likatha sindigulanso la mkati mwa sabata, likhala la Lamulungu. Bambo ndawaonetsa kope lonse, kuphatikizapo mzere wa zakumwa zomwe iwo amagula ku galaja, ndipo avomera kuti Loweruka aziyatsa okha mbaula ya nyemba ine ndikuchapa. Buledi wa m'mawa ndiye sindinamupezere njira, ndisaname.

Aphunzitsi a ku Kasungu, msonkhano wa makolo kusukulu ya ana anga uliko Lachisanu likudzali ndipo ndikufuna ndikaiyambitse nkhaniyi. Chonde ndiuzeni, amayi ogulitsa pa geti aja munawafikira bwanji poyamba kuti asaone ngati mukuwalanda geni? Munayamba mwakambirana ndi ahedi, kapena munapita kwa amayiwo kaye? Ndipo pa masiku awiri aja majigisi munawaletseratu, kapena amagulitsidwabe pambali?